Mawu Amene Anandiitana M'bani Yakale ya Fodya

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukamawerenga izi mupukusa mutu n'kumati mayiyu wangopeka kuti atiopseze, koma ine ndi msinkhu wangawu, imvi zili mbuu, ndinganamirenji? Zinandichitikiradi ineyo, masana dzuwa lisanalowe, ndipo kupatula mwamuna wanga ndi mwana wanga wamkazi, palibe amene ndinamuuzapo zonse monga ndikuchitira panomu. Maina sinditchula, chifukwa ena mwa eni nkhaniyi akadali moyo, ndipo kwathu kuno munthu ukangoyetsemula ku Ntchisi, mawa lake a ku Dowa amakufunsa za chimfine.

Pa nthawiyo n'kuti nditangoyamba kumene uphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'mapiri a kwathu, kumalire a Ntchisi ndi Dowa. Mayi anga anamwalira ndili Sitandade 4, ndipo amene anandilera ndi amalume, mchimwene wawo wa mayiwo. Amalume anali mkulu wa mpingo, munthu wa jekete lakuda ndi Baibulo losachoka m'khwapa, mlimi wa fodya komanso wa dimba lotchuka ndi kabichi. Azakhali, akazi awo, anali atatisiya kale, ana onse atakwatira n'kubalalika, choncho ankakhala okha m'nyumba yawo, ine ndikukhala m'nyumba ya aphunzitsi kuseri kwa phiri. Tsono ngakhale anali munthu wopemphera chotere, panali lamulo limodzi lachikale limene anandikhomerera m'mutu kuyambira ndili wamng'ono, lakuti ukamva dzina lako likuitanidwa koma woitanayo sukumuona, usavomere, ungopitirira osacheuka. Ankati ukavomera wapereka mawu ako, ndipo wotenga mawu amatenganso mwini wake. Ndinkawaseka kuti kodi zimenezi zili pa vesi iti, iwo n'kungoti si zonse zinakwana m'buku. Kuseka ndinkaseka, koma lamulolo linakhazikika.

Loweruka lina m'mwezi wa Julaye ndinapita ku Madisi kukacheza kwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi kusekondale, yemwe pa nthawiyo anali namwino. Mnzangayu anali ndi wailesi yakanema ndi deki ya makaseti, zinthu zimene masiku amenewo zinkakupatsa ulemu kuposa satifiketi. Titadya nkhomaliro anatulutsa kaseti ina yakale imene anati anapatsidwa ndi mzungu wina wa kumishoni pobwerera kwawo, n'kundichenjeza kuti iye sanayerekezepo kuionera yekha. Ine, poti ndinali mphunzitsi watsopano wodzimva kuti ndadziwa zonse, ndinamuuza kuti aike basi, zithunzi siziluma.

Filimuyo inali yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi, ndipo kunena chilungamo poyamba inanditopetsa. Inu amene munazolowera mafilimu a masiku ano, oti mphindi iliyonse wina wathyoledwa khosi, mukanagona. Munalibe magazi, munalibe chilombo cha mano aatali, ndipo anthu ake ankayankhula pang'ono ngati mawu ndi ogula. Nkhani yonse inkachitikira m'chinyumba chachifumu cha miyala, chomangidwa pamwamba pa phiri ngati linga, cha makwerero osatha ndi nsanja imodzi yaitali yopanda zenera. Mtsikana wina wakumudzi anabwera kudzagwira ntchito m'nyumbamo, n'kupeza kuti bwana wake wamwamuna, mkulu wokalamba, akuti anapita ulendo kutsidya la nyanja, ndipo amene ankalamula ndi mphwake wa nkhope yozizira. Mtsikanayo akamasesa pafupi ndi nsanja ankamva mawu ofooka akuitana, ndipo mayi wophika anamuuza kuti ameneyo ndi mzukwa wa mkazi wa bwana amene anafa kalekale, asayerekeze kuyankha. Nditamva pamenepo ndinadzuka n'kukhala bwino pampando, chifukwa sindinkadziwa kuti nawonso azungu ali ndi lamulo la amalume.

Chimene ndimaiyamikira filimu imeneyo mpaka lero n'chakuti inkadziwa kudikira. Kamera inkatha kuima pa chitseko chotseka kwa nthawi yaitali popanda chochitika, mpaka iwe woonera n'kuyamba kuona ngati chigwiriro chikusuntha. Nyimbo zinalibemo zambiri, koma mphepo yokha, nsapato pa miyala, ndi mileme ikuphupha m'denga. Zina zinali zoseketsa, sindikana, monga mitambo yooneka kuti ndi yojambula pansalu, ndi mphwake uja amene ankatuzula maso mopitiriza muyezo ngati wameza fupa. Koma mtsikanayo ankasewera bwino zedi, mantha ake ankaonekera m'manja osati pakamwa. Kumapeto anaba kiyi wa nsanja, n'kukwera makwerero pang'onopang'ono kandulo ili m'dzanja, mawu aja akumveka pafupi, ndipo atangolowetsa kiyi pachitseko, magetsi anazima. Osati a m'filimu, a ku Madisi.

Tinakuwa tonse awiri, kenako tinaseka mpaka misozi. Tinadikira magetsi tsiku lonselo osabwera, m'mawa mwake titachoka ku tchalitchi anali asanayakebe, ndipo ine ndinayenera kubwerera chifukwa Lolemba kunali sukulu. Choncho ndinanyamuka ndi filimu yosatha m'mutu, ndipo mukudziwa inu kuti nkhani yosatha mutu umaimaliza wokha, ndipo sumaimaliza bwino. M'matola monse ndinkangoona chimene chinali kuseri kwa chitseko chija, chinthu choyera cha zala zazitali.

Ndinatsika pa sitolo pamene ndinasiya njinga yanga, n'kuyamba kupalasa cha m'ma folo koloko. Amene mumadziwa mapiri a kwathu m'nyengo yozizira mukudziwa mmene nkhungu imatsikira, kuti mbuzi ili apo umangoimva kulira osaiona. Njira yachidule yopita kusukulu inkadutsa pa esiteti ina yakale imene eni ake anaisiya, ndipo chimene chinatsalapo chinali bani imodzi ya njerwa yowumitsira fodya, yaitali, yopanda zenera, ya chitseko chachitsulo chadzimbiri. Ndinali nditadutsapo kambirimbiri osailabadira. Koma tsiku limenelo itatulukira m'nkhungu, ndinangoona nsanja ya m'filimu ija yeniyeni, ndipo ndinadziseka ndekha kuti taonani mphunzitsi wa boma akuopa bani.

Ndili pafupi kuipitirira, ndinamva dzina langa. Silinali dzina limene ana asukulu kapena aphunzitsi anzanga ankalidziwa ayi, koma la kuubwana, limene mayi anga anandipatsa, loti ndi anthu awiri okha pa dziko lino ankandiitana nalo, malemu mayi ndi amalume. Ndipo amalume ndinkadziwa bwino lomwe kumene anali, chifukwa Lachisanu anandiuza okha kuti Lamlungu m'mamawa apita ku Nachisaka kwa mwana wawo wamwamuna, akapemphera komweko, ndipo akatha masiku angapo. Tsono ngati sanali amalume, anatsala ndani?

Ndinagwira mabuleki n'kuima, phazi limodzi pansi. Mawuwo anabweranso, ofooka, osasa, opyapyala ngati a mayi wodwala, akumveka ngati akuchokera pansi pa nthaka. Kunena zoona sikuti ndinakuwa kapena kukomoka, ndinangoima chilili n'kutchera khutu. Pakamwa panga panatseguka ndithu kuti ndivomere, poti mwana woleredwa bwino akaitanidwa amavomera asanaganize, koma pomwepo ndinakumbukira chala cha amalume chikundiloza, ndi nkhope ya mayi wophika wa m'filimu uja. Ndinaima pamenepo mwina mphindi ziwiri, chitseko chachitsulo chili potero, kachitatu dzina langa n'kumveka. Kenako ndinakwera njinga n'kupalasa osacheuka, ndipo ndikukuuzani mopanda manyazi kuti pofika kunyumba ndinkadzitama mumtima kuti ndapulumuka.

Sindinauze munthu aliyense. Ndikanauza ndani? Ahedi athu anali munthu wonyoza, akanalengeza pa asembule kuti madamu atsopano akucheza ndi mizukwa. Lolemba ndinaphunzitsa bwinobwino, masamu ndi Chichewa, ndipo madzulo pofuna kukagula sopo ndinazungulira njira yaitali ya kudambo kuti ndisadutse pa esiteti paja. Ndinapemphereranso mzimu wa mayi anga kuti uuse mumtendere, usandivutitse.

Lachiwiri cha m'ma teni koloko, ndili m'kalasi, ndinaona msuweni wanga uja wa ku Nachisaka ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Titapatsana moni anandifunsa ngati ndikudziwa kumene bambo ake apita, chifukwa wabwera kudzabwereka mpope wopoperera mbewu koma wapeza nyumba yokhoma, mbuzi zikulira m'khola, ndipo oyandikana nawo akumuuza kuti bambowo ali kwa iye. Ndinamufunsa ngati sanafike Lamlungu. Iye anati sanafike, ndipo panalibe n'komwe pangano loti abwere.

Abale anga, mantha a pa bani paja sanali kanthu poyerekeza ndi amene anandigwira pamenepo. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine ndinasiya ana makumi asanu ndi limodzi ali kukamwa yasa, n'kumuuza msuweni wangayo kuti aitane amuna amene angawapeze, atenge nkhwangwa ndi machira, anditsatire ku esiteti. Anandifunsa kuti ndadziwa bwanji, ine ndinangoti tiyeni, mafunso pambuyo.

Titafika pa bani paja, tinapeza kuti chitseko chachitsulo chija sichinali chokhoma n'komwe, chinangokokedwa kuchokera m'kati. Titachikankha, mileme inatuluka gulu, fungo lake lotsamwitsa, ndipo pansi, m'mdima, panali amalume atagona chagada pafupi ndi ng'anjo yakale, mtanda waukulu wowola ndi mulu wa njerwa zili pamwendo wawo wamanzere. Pambali pawo panali thumba la feteleza lodzaza theka, kakhasu, ndi botolo la thobwa louma. Anali moyo. Milomo inali itang'ambika, mawu atatheratu, koma atationa anayesa kukonza kolala ya malaya awo, poti munthu uja ngakhale pa imfa sankafuna kuoneka wosalongosoka.

Nkhani yake tinaimva pambuyo pake, ndipo ikanakhala yoseketsa chikhala kuti sinathe mmene inathera. Mlangizi wina wa zaulimi anawauza kuti ndowe za mileme ndi manyowa amphamvu kuposa a ng'ombe, ndipo iwo, poganizira kabichi wawo ndi nyengo ya nazale ya fodya imene inkayandikira, anakumbukira kuti m'bani muja ndowezo zinaunjikana zaka ndi zaka. Koma mkulu wa mpingo angaoneke bwanji akulowa m'nyumba ya mileme ndi thumba? Mawa lake mudzi wonse ukanati akukhwima, ndipo kabichi wawo yense akanasanduka wamankhwala. Choncho ananamiza tonse za ulendo wa ku Nachisaka, n'kusankha Lamlungu m'mawa, nthawi imene aliyense ali m'tchalitchi, n'kudzitsekera m'katimo kuti wodutsa asawaone. Atakwera pa mitanda yopachikapo fodya kuti akapale za pamwamba pa khoma, mtanda unathyoka n'kugwetsa njerwa. Mawu awo ankatulukira pa kabowo ka ng'anjo kamene kali m'munsi mwa khoma, n'chifukwa chake ankamveka ngati a pansi pa nthaka.

Tinawanyamula mpaka kumsewu, n'kupeza galimoto yowatengera kuchipatala. Madokotala anayesetsa, koma mwendo unali utayamba kale kuda, ndipo anaudula m'munsi mwa bondo. Dokotala wina, munthu wabwino amene sankadziwa kuti akundibaya, anandiuza pakhonde kuti akanabwera nawo Lamlungu lomwelo kapena Lolemba m'mawa, mwendowo ukanapulumuka. Ndinavomereza ndi mutu ngati nkhani ya anthu ena, n'kupita kuseri kwa wodi kukalira.

Choipa kwambiri chinali chakuti anthu anayamba kunditamanda. Amayi a mvano pobwera kudzazonda ankandigwira manja n'kumati Mulungu anandionetsa, ena n'kumati ndi magazi amakoka, ndipo amalume ankangovomereza kuti zoonadi, pakanapanda mwana wa mlongo wawoyu bwenzi atawapeza ali mafupa. Ine ndinkangoyang'ana pansi. Ndinkaganiza kuti mwina sakudziwa, mwina tsiku lija ankangoitana maina onse amene ankawakumbukira, ndipo langa linangokumana ndi kudutsa kwanga.

Tsiku lina masana tinatsala awiri ndi amalume m'chipatala muja, ine ndikuwasendera nthochi. Anandiyang'ana n'kundifunsa, ngati nkhani wamba, kuti kodi pedulo ya njinga yanga ija ndinaithira mafuta, poti anali atandiuza kangapo kuti imalira ngati nkhanga. Ndinati ayi. Iwo anati ndisaithire, chifukwa ndi imene inawauza Lamlungu lija kuti wodutsayo ndine. Anati anaimva ikubwera kuchokera kutali, anaimva itaima, ndipo anawerenga mumtima nthawi yonse imene ndinaima paja, kenako anaimva ikupita.

Ndinagwada pansi pa simenti, nthochi ili m'manja. Koma iwo anandigwira pamutu n'kundiuza kuti ndidzuke, anthu angaganize kuti amwalira. Anati pamene ankandiitana ankadziwa kale kuti sindivomera, chifukwa anandiphunzitsa ndi iwo omwe, ndipo mwa ana onse amene analera, womvera ndinali ine ndekha. Anati usiku wonse wa Lamlungu sanakwiyire ine koma pakamwa pawo, ndipo anapempha Mulungu kuti akawatulutsa adzandiuze kuti lamulo lija alifafaniza. Kenako anaseka pang'ono n'kuti mwendo umodzi wapita chifukwa chojomba ku tchalitchi, ndipo nkhaniyi ithere m'chipinda momwemo, asaimve msuweni wanga kapena wina aliyense. Anasunga chinsinsicho zaka khumi ndi chimodzi, akuyenda ndi ndodo ziwiri, akulima dimba lawo chokhala pansi, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Filimu ija sindinafunenso kuimva, ndipo mnzanga wa ku Madisi atandiitana kuti tikaimalize ndinamuuza kuti ndatanganidwa. Koma chaka chathachi mwana wanga wamkazi, amene ali ku koleji, atabwera ku holide, ndinamufotokozera nkhani yonseyi, ndipo iye, monga achitira ana a masiku ano, anangofunsa mafunso awiri atatu n'kuipeza pa foni. Tinakhala pakhonde masana, tikusola mtedza, n'kuionera kuyambira pachiyambi. Ndinapeza kuti ikadali yabwino, mitambo yake yabodza ikadali yabodza, mphwake uja akutuzulabe maso. Itafika pa chitseko paja ndinamuuza mwanayo kuti aimitse ndipume kaye, ndipo iye anandionetsa kuti kwatsala mphindi zisanu ndi zinayi zokha.

Mtsikana uja anatembenuza kiyi n'kukankha chitseko. M'katimo munalibe mzukwa. Munali bwana wokalamba uja, amene ankati ali kutsidya la nyanja, atatsekeredwa ndi mphwake wofuna chuma, wowonda, ndevu zili nyankhalala, koma wamoyo. Ndipo chinthu choyamba chimene anapempha ndi madzi akumwa. Mwana wanga anati mathero ake ndi ozizira, ankayembekezera zoopsa. Ine ndinalowa m'nyumba n'kukakhala pabedi, chifukwa kwa ine panalibe mathero oopsa kuposa amenewo. Magetsi a ku Madisi akanangopirira mphindi zisanu ndi zinayi, ndikukhulupirira ndithu kuti Lamlungu lija ndikanatsika panjinga.

Mukandifunsa lero ngati mizukwa iliko, sindikutsutsani ndipo sindikuvomerezani, sindinaionepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti wakufa, ngati amaitanadi, angathe kudikira, alibe kothamangira, koma wamoyo amene wapsinjika ndi mtanda alibe mawa. Choncho inu amene mukuphunzitsa ana anu lamulo lija, monga ndikudziwa kuti ambiri mukutero, muziwonjezerapo mbali imene amalume anaiphunzira mochedwa. Ngati mwana akuopa kuvomera, asavomere, koma athamange akaitane anthu, abwere atsegule chitseko aone. Kusekedwa kuti ndiwe wamantha kumatha pa sabata imodzi, koma kugogoda kwa ndodo ziwiri pakhonde ine ndinakumva zaka khumi ndi chimodzi.

Bani ija anaigwetsa, njerwa zake anamangira zimbudzi za sukulu. Komabe m'mwezi wa Julaye nkhungu ikatsika, nthawi zina ndikamachokera kudimba ndimamva ngati wina watchula dzina langa la kuubwana lija, ngakhale onse awiri amene ankalidziwa anagona kale. Mwina ndi mphepo, mwina ndi ukalamba. Ine ndimatula dengu pansi, n'kutembenuka, n'kuvomera mokweza.